Msoti wofiira uja ndinakupatsani

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Zomba pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno ku Chulu tilipo, kupatula msana wanga umene sunapolebe chisokereni fodya.

Chandilembetsa kalatayi ndi nkhuku. Misoti yanga inayi inayamba kupuwala, mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo, mpaka kulephera kufika pamadzi. Ine ndinkati ndi chitopa. Lachiwiri kunabwera alangizi a ziweto ndi mayi wina wofufuza matenda a nkhuku. Anang'amba msoti umodzi m'chigafa muja n'kundionetsa zotupa zoyera pachiwindi.

Ndinafunsa kuti, "Kodi nkhuku nazonso zimadwala khansa?"

Mayiyo anati, "Zimadwala, amayi. Kachilombo kake kamayenda m'fumbi la nthenga. Anthu sikawagwira, koma nkhuku yooneka bwinobwino imatha kukhala nako."

Pamenepo ndinakumbukira msoti wofiira uja ndinakupatsani pochokera kumaliro a malume. Ndinasankha wonenepa kuposa yonse kuti musapite chimanjamanja, koma unkagona khola limodzi ndi yodwalayi. Chiyambire tsikulo ndikungoganiza kuti mwina ndinakunyamulitsani matenda ndi manja anga awiri, inu n'kumathokoza.

Chonde msotiwo upatuleni kutali ndi anapiye anu. Mukafunsenso alangizi za katemera, akuti amabaya anapiye akangobadwa. Zikavuta, ingouphani mudye ndi alamu, ine sindidandaula. Mundiyankhe msanga, mundiuze ngati anapiyewo akuyendabe ndi miyendo yonse iwiri.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati