Chishalo cha Njinga Yanu Chikutitimira

Bambo a mapasa,

Musakwere njinga yanu musanawerenge kapepalaka! Mutangotuluka kuperekeza ana kusukulu, paipi ya pansi pa sinki inazuka, madzi n'kudzaza khitchini yonse. Posowa chomangira, ndinamasula kachitsulo kozungulira kaja kamene kamagwira chishalo chanu. Papaipi kakwana ndendende, ngakhale dontho silikugwa.

Vuto ndi lakuti panjinga ndaikapo ka njinga yakale ija, kamene ndakapeza m'katoni yanu ya zitsulo. Kakula! Ndamanga bawuti mpaka zala kuwawa, koma nditayesa kukhalapo, chishalo chinangotitimira, mawondo n'kufika kuchibwano. Aneba aseka mpaka kugwira mpanda.

Ndathamangira kwa okonza njinga kukafuna kokwana. Muyezo ndatenga ndi ulusi, musade nkhawa. Ndikachedwa, kwerani yanga kuti musachedwe kuntchito, basiketi yamaluwa ija ikukhalani bwino. Chonde paipi musaigwire.

Pepani bambo. Koma zitsulo mumati zidzathandiza tsiku lina zija, lero linali tsiku lake, ndipo m'katoni yonse mulibe chokwana. Loweruka zituluke m'chipinda mwathu.

Ndine,
Mayi a mapasa