Tadala Atsala ku Chulu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo. Kwa mng'ono wanga Esinati kwabadwa mwana wamwamuna, mphuno yake yanu yomwe ija. Mtedza unabereka, koma denga la nyumba yanu linayamba kudontha dzinja lathali, ndipo alamu akuti afolera mvula isanagwe. Mukuwadziwa alamu ndi mawa lawo.

Nkhani yandilembetsa ndi ya mdzukulu wanu Tadala. Chichokereni inu, ife n'kusamukasamuka basi. Utenanti mukuudziwa: fodya akagulitsidwa, bambo ake akamva kuti esiteti ina ili ndi bwana wabwinoko, timamanga katundu. Mwana naye sukulu yatsopano.

Chaka chino walakwa masamu, mwana amene ankakuwerengerani nkhuku asanayambe n'komwe sukulu. Ndinapita kwa aphunzitsi ake nditalusa, pakamwa panga mukupadziwa. Anandikhazika pansi. Akuti ku Wimbe tinachoka anzake asanayambe kugawa, kuno tinafika atamaliza kale. Kuchulukitsa waphunzira kawiri, kugawa sanakumane nako. Akutinso akatswiri akasonkhanitsa malikisi a ana ambirimbiri m'makompyuta, amayerekeza ana amene anayamba mofanana, osauka mofanana, kuti aone chimene kusamuka pakokha kumalanda mwana. Za makompyuta awozo ine sindizidziwa. Ndinangokumbuka mawu anu kunazale, akuti mbande amaoka kamodzi, ukaizulanso usadabwe ikafota. Ndinabwerako mutu uli pansi.

Tsopano bambo ake apezanso malo kumpoto, kumalire ndi Mzimba. Lole ibwera Loweruka. Tinakangana, koma mapeto ake agonja: Tadala sakwera nawo. Atsala ku Chulu kwa Esinati, aziphunzira pasukulu ya kwathu.

Amayi, chibadwire mwanayu sitinalekanepo. Nditamuuza sanalire, anangofunsa kuti azimumeta ndani. Wolira ndinali ine, kuseri kwa chigafa cha fodya. Mtima ukundiwawa, sindikubisirani.

Njira ya kusukulu imadutsa m'mbali mwa manda, ndipo ana akafika pamenepo amathamanga. Ndamuuza kuti iye asamathamange, mmenemo muli agogo ake. Muzimuyang'ana akamadutsa m'mawa, popeza ine sindizimuona.

Ndikukulonjezani, sindimusunthanso mpaka alembe Sitandade 8, ngakhale ndimusowe chotani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nachisale