Ndakonza Nkhope ya Bambo a Mkwatibwi

Lolemba, 9 Juni

Lero ndabisala kuseri kwa nsalu mu situdiyo yanga yomwe. Ine, mayi wa ana awiri, wojambula zithunzi wa zaka khumi ndi chimodzi pantchito. Ndinamuonera pawindo mkwatibwi wa Novembala uja akuwoloka msewu. Ndikuti mkwatibwi, koma pano mimba yayamba kuoneka. Ukwati unatha miyezi isanu ndi iwiri yapitayo, zithunzi zake zikadali m'kompyuta mwanga.

Anagogoda katatu pachitseko chagalasi. Ine phee, mphuno ili pansalu, fumbi likundiyabwa. Kenako ndikumva mayi wa saluni, mnansi wanga wa khomo lachiwiri, akukuwa kuti, "Alimo amenewo! Nsapato zawo si izo pansi pa nsalupo?" Mulungu amukhululukire, ine sindinafikepo. Mwayi wake ndinali nditakiya.

Zithunzi zonse ndi 640. Ndakonza 212. M'mawa wonse ndathera pa chimodzi, kuchotsa ntchentche pa keke. Nditaichotsa, pamalopo pamaoneka kuti pachoka ntchentche, ndiye ndinayambiranso.

Lachiwiri, 10 Juni

Chikope chakumanzere chikungonjenjemera, lero tsiku lachinayi. Ndakana ntchito ziwiri pafoni, ndati ndatanganidwa. Kenako ndakhala ola lathunthu ndikuyang'ana ntchito za anzanga pa intaneti, kudzipweteka dala. Pali wina wayamba chaka chathachi, amapereka zithunzi pakangotha masiku atatu, mitu ya anthu yoduka pamwamba, anthu n'kumamuthokoza mpaka kumutumizira anzawo. Ine ndikatsegula changa chilichonse ndimaona ngati tsiku lina wina adzaimirira n'kunena kuti mayiyu kamera anangotola.

Bambo a kunyumba pa tiyi: "Alubamu ija mukadzamaliza, mukapereke pa ukwati wa mwana wawo." Ndawauza kuti amwe tiyi asanazizire.

Lachitatu, 11 Juni

Wandipeza. Ndinaiwala kukiya, anangolowa ndili ndi buledi m'kamwa.

Ndinayamba nyimbo yanga ija, yakuti kompyuta ikuvuta, mitundu sinakhale bwino, kwatsala pang'ono. Anandisiya ndiimbe mpaka kumapeto.

"Asisi, ine sindinabwere kudzakangana," anatero, akukhala pa mpando wojambulirapo makasitomala.

Nkhani ndi ya bambo ake. Shuga wawononga maso. Lakumanzere linatseka mu Epulo, lakumanja likuona ngati muutsi. Lolemba likubwerali akawachita opaleshoni, ndipo dokotala wanena poyera kuti sakulonjeza kanthu.

"Akungoti akufuna adzione akundiperekeza. Ngakhale zisanu zokha, asisi. Ngakhale zoipa."

Manyazi amene anandigwira sindingawalembe. Ndalonjeza kuti Lachisanu abwere adzasankhe, Loweruka ndikapereka ndekha kunyumba kwa bambo ake.

Atatuluka ndinalira pang'ono, kenako ndinapukuta galasi la kompyuta. Ngati ichi chikhale chinthu chomaliza chimene mkuluyu aone, ndiye chikhale chopanda banga. Zoipa akazipeze kwina.

Lachinayi, 12 Juni

Zimene muli mkuluyu zilipo 38, ndipo zonse ndazigwira. Makwinya ndasita. Tsitsi la m'makutu ndameta. Diso lakumanzere linali litayamba kale kugwa, ndalidzutsa. Mimba ndabweza mpaka jekete yatseka. Dzino lakutsogolo analibe, ndiye ndabwereka la mkwati, ali nawo ambiri.

Nkhomaliro ndaiwala. Mwana wamng'ono kusukulu ndaiwalanso, aphunzitsi achita kuimba foni n'kufunsa mwaulemu ngati ndawapatsiratu. Msana ukuwawa, dzanja lamanja lachita dzanzi. Koma kwa nthawi yoyamba chaka chino ndamva ngati ntchitoyi ndimaidziwa.

Lachisanu, 13 Juni

Anabwera cha m'ma teni. Ndinamukokera mpando, n'kutsegula chithunzi choyamba, ine nditapinda manja kudikira kuyamikiridwa.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Awa ndi ndani?"

Ndinati ndi bambo anu.

"Bambo anga? Asisi, awa akuoneka ngati munthu wogulitsa inshuwalansi!" Anaseka mpaka kugwira mimba, mayi wa saluni n'kusuzumira ndi chipeso m'manja. Kenako kuseka kuja kunasanduka kwina. Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Dzino limenelo ndinaligulula ndine, ndi mutu wangawu, ndili ndi zaka zitatu. Amauza aliyense, ngakhale pa ukwati paja anauza apongozi. Bwezerani momwe analili."

Apa ndiye panali nkhani. Ine ndikakonza chithunzi ndimasunga pamwamba pa choyambirira, kuti ndisamaonenso zolakwa zanga. Khadi la m'kamera ndinafufuta kalekale. Ndinamuuza zonsezi ndikuyang'ana pansi. Bambo ake enieni ndinali nditawafafaniza ka 38, ndi manja angawa, mosamala kwambiri.

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Ndinayamba kutsegula mafoda ngati wamisala, thukuta lili kamukamu. M'munsi mwenimweni ndinapeza ina yolembedwa kuti ZOTAYA. Ndi zimene ndinazikana sabata yoyamba, koma sindinazifufute chifukwa ngakhale kufufutako ndimafuna ndidzachite bwinobwino tsiku lina. Zimene muli mkuluyu zinalipo 19. Pena watsinzina, pena keke ili m'kamwa, pena akuvina wachita chimbuuzi, pena chigongono cha woperekera zakumwa chawaphimba theka la nkhope.

"Ndi awa," anatero. "Tsukani zonse. Zazikulu. Musakhudze kanthu."

Ndinapempha kuti ndingowonjezera kuwala pang'ono pokha. Anaima pamsana panga mpaka nditaziika pa fulashi, kenako anazula mausi n'kuponya m'chikwama chake. Akuti ndikatengere kwawo mawa.

Loweruka, 14 Juni

Wotsuka zithunzi anazitulutsa m'makina akundiyang'ana cham'mbali. "Mayi, izi ndi zanu ndithu?" Ndinati ndi za mnzanga.

Kunyumba kuja ndinafika masana. Pabalaza pang'ono, mipando yovundikiridwa ndi nsalu zoluka, wailesi ikulankhula yokha pakona. Mkuluyo anali pa mpando wa pawindo, atavala malaya oyera ngati akudikira alendo a boma, mbale ya buledi ili pamwendo.

"Ndinu amene mwakhala mukusema zithunzi zathu pamwala?" anatero ndisanakhale n'komwe. "Takulandirani, mayi. Tinkaganiza kuti munamwalira."

Ndinawapatsa chimodzichimodzi. Amachibweretsa pafupi mpaka kukhudza mphuno, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa diso lakumanja. Pa chovina chija pakamwa panga panayamba pokha: "Pepani bambo, ichi sichikuoneka bwino, chinagwedezeka."

"Mayi, kwa ine zonse zimaoneka chonchi. Mwachita kundiyeza."

Anadzizindikira ndi nsapato zoyera. Anaseka, mpata wa dzino uli poyera, n'kuitana akazi awo kuti adzaone mwendo momwe unakwerera. Amayiwo anati ndi tsiku lomwelo limene thalauza inang'ambika, ndipo asatinamize. Mkwatibwi uja anapita ndi mayi akewo kukhitchini kukathira tiyi wina, ine n'kutsala ndi mkuluyo.

Chotsatira chinali cha kuperekeza. Mwa 19 zija chilipo chimodzi chokha. Ndinachitaya chifukwa chingwe cha sipika chikudutsa pakati, foni ya munthu wina yalowa pakona, ndipo khoma lapendekera.

Anachitembenuzira kuwindo. Anachiyandikitsa, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso.

"Ine ndadziona, jekete ndi iyi. Choyerachi ndi iyeyo. Koma nkhope yake ikundithawa." Anatembenukira kwa ine. "Akuseka kapena akulira?"

Sindinadziwe. Chithunzi ndinajambula ndine, ndinachikana ndine. Chingwe ndimachidziwa, foni ija ndingatchule ndi mtundu wake womwe, koma nkhope ya mkwatibwi ndinali ndisanaiyang'anepo. Ndipo ndikanapereka zithunzizi mu Disembala, akanaiona okha, osafunsa munthu.

Ndinagwada pambali pa mpando wawo n'kuyang'ana.

"Akulira, bambo. Koma sakuyang'ana kutsogolo kumene kuli mkwati ayi. Akuyang'ana inu."

Wailesi inapitiriza zake. Kenako anayamba kufufuza pachithunzipo ndi chala, n'kuima pa chingwe cha sipika.

"Apa?"

Ndinawagwira chala chija, cha majarini chomwecho, n'kuchisuntha pang'ono kumanzere, n'kuchikanikiza pankhope pa mwana wawo.

"Apa, bambo."