Mpini wa M'bafa

Lachiwiri, 7 Okutobala

Nyanja yaphweranso. Mizati ya nyumba za anthu akale aja ili poyera, yakuda bii. Ankamanga pamwamba pa madzi, n'kumakalima kumtunda. Sabata yonse ndakhala ndikusefa matope, zopeza zake njere zopserera basi, msana ngati wobwereka. Lero mpini wa khasu, wathunthu. Bowo lolowetsapo mwala lilipo, pogwira dzanja n'posalala. Zaka zikwi zingapo uli m'matope osaona mpweya. Wofewa ngati sopo wogonera m'madzi. Ukangouma ung'aluka, ndipo kubweza kwake kulibe.

Kunyumba ndawauza bambo. Anditcha "anesi" monga mwa masiku onse, n'kundifunsa ngati mwana wawo waweruka kusukulu. Chaka chachiwiri chino asakundizindikira. Munthu woti walima moyo wake wonse, ndimati nkhani ya khasu iwadzutsa. Ayi ndithu.

Lachisanu, 10 Okutobala

Mpini uli m'thanki ku labu. Madzi ake ngofunika kusintha pafupipafupi, apo ayi chuku. Mankhwala olimbitsa mtengo sanafikebe. Abwana athu, amene kuseri timawatcha a Tionabe, akuti tionabe. Koma atolankhani awaitana kale kuti adzaone mpiniwo. Pa zojambulitsa ndiye sazengereza.

Lolemba, 13 Okutobala

Thanki ikudontha pansi. Mpopi wa ku labu nawo wauma, pampu yafa. Wokonza akuti ali kumaliro. Ndanyamula zigubu za madzi kuchokera kunyumba, m'basi anthu kundiyang'ana ngati wozungulira mutu. Ndathira, pofika madzulo theka lapita. Sukulu yonse ija, mathero ake kukolopa.

Lachitatu, 15 Okutobala

Madzi atsala a m'kakolo. Mpini ndaukulunga m'matawulo onyowa ndi pulasitiki, ndabwera nawo kunyumba nditaufukata ngati khanda. N'zoletsedwa, ndikudziwa. A Tionabe anangoti ndichite zimene ndingathe, koma iwo sanamve kanthu.

Tsopano uli m'bafa mwathu. Ife tikusambira m'ndowa kuseri. Mng'ono wanga, amene amakhala ndi bambo masana, waseka mpaka misozi. Akuti anzanga akusunga amuna m'nyumba, ine ndikusunga chikuni. Ndamuuza kuti chitseko cha kubafa chizikhala chotseka. Kiyi wake anasowa kalekale, tangomanga ndi chingwe.

Loweruka, 18 Okutobala

Ukadali bwino. Posintha madzi ndinaika dzanja langa posalala paja. Linakwana ndendende. Kaya anali mkazi, kaya mwana, kaya nayenso msana unkamuwawa.

Bambo akana kudya. Akuti adikira amayi. Amayi tinaika kale. Ndinakhala nawo pakhonde, supuni m'manja, iwo n'kundithokoza mwaulemu ngati mlendo. Zimandipweteka, ndipo wondithandiza palibe.

Lachiwiri, 21 Okutobala



Mng'ono wanga anapita kukatenga mapiritsi a bambo m'mawa, mzere wake wautali, anawasiya ali mtulo. Ine ndabwera kuchokera kokumba dzuwa litapendeka. Chingwe chili pansi. M'bafa mulibe kanthu, madzi atayidwa.

Mpini ndaupeza pamwamba pa malata a shedi, padzuwa lonse lija. Wapindika, ming'alu thupi lonse, pabowo paja pagawanika pawiri. Posalala pogwira dzanja pakwinyika, pakufumbutuka ukangokhudza. Bambo ali pampando pafupi, chipewa kumutu, kuulondera.

Anandiyang'ana m'maso. Ananditchula dzina langa la paubwana, lija palibenso amalitchula. "Iwe mwana wanga, ndinakuuza kangati? Khasu ukalisiya m'madzi mpini umawola. Ndakuyanikira. Usadzachitenso."

Mawu ake omwe aja, a nthawi imene ndinkaiwala khasu mumzere mvula ikagwa. Ndinagwada pamenepo. Ndinati, "Zikomo bambo, sindidzachitanso." Anandisisita kumutu.

Mng'ono wanga akulira kuchipinda, akuti wolakwa ndi iye. Si iye. Ndilibe womukalipira.

Lachinayi, 23 Okutobala

Zidutswa ndazibwezera m'ndowa ya madzi, ngakhale ndikudziwa kuti n'kungodzinamiza. A Tionabe atumiza uthenga wachisangalalo: thanki yakonzedwa, mankhwala afika, atolankhani mawa. Sindinayankhe. Ndikanena chiyani? Ntchito mwina yatha. Ya munthu wakale uja ndiye yatheratu, ndipo yathera m'manja mwanga.

Dzulo ndi lero ndawapititsira bambo tiyi ndekha, mtima uli m'mwamba. "Zikomo anesi. Mwana wanga waweruka?"

Masana ndinadutsa kumsika. Ndagula mpini wamba, watsopano, wonunkhira utomoni. Ndadzaza bafa, ndaumiza. Chingwe ndataya. Chitseko ndasiya chotsegula.