Ndafufuta manambala a pa chigaza

Achimwene,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata muli pakati pokolola. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo.

Abwana anga kuno kunja ku Al Markhiya, kumene ndikugwira ntchito ya m'nyumba, amasunga m'kabati yagalasi chigaza cha nyama chimene chinasanduka mwala. Akuti chinafukulidwa ku South America. Nyama yake inali ya ziboda, mphuno zake zili pamwamba pafupi ndi maso, ndipo mtundu wake unatha kalekale.

Lolemba, abwanawo ali pa ulendo, ndikupukuta fumbi ndinaona timanambala ta inki kuseri kwa chigazacho. Ndinayesa alembapo ndi ana. Mukundidziwa, sindilekerera litsiro, choncho ndinapukuta ndi sipiriti mpaka mbee.

A Banda, dalaivala wathu wa ku Chipata, atamva anagwira pakamwa. "A Phiri, mwafufuta pasipoti ya nyama! Manambala aja ndiwo amanena kumene anachikumba."

Iwo anaseka, koma ine ndakhala ndikulingalira. Nyamayi ilibe mbale ndi mmodzi yemwe woti n'kuizindikira. Chonena za kwawo chinali chokhacho, ndipo ndachotsa ndine.

A Banda akuti ndingokhala chete, abwana sayang'ana kuseri. Manambala atatu oyamba ndikuwakumbukira, koma kulembapo zopeka ndikuopa. Ndikaulula, mwina kontrakiti yanga saiwonjezera.

Mulungu akusungeni nonse kumeneko. Abwana abwera Loweruka, ndiye chonde ndiyankheni Lachisanu lisanafike. Mukati ndiulule, ndiulula.

Ine mng'ono wanu,
Yohane