Mbiya yanu anaitsuka ndi sopo

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndiyambe ndi Esinati, mkazi wa achimwene Fanuwelo, chifukwa ndikayamba ndi nandolo mudziwa kuti ndikuzungulira. Mbiya yanu ija ya mowa wa uchi, imene inkakhala kuseri kwa chitseko yovundikira ndi lichero, Esinati anaitsuka. Anaikwecha ndi mchenga, kenako sopo, n'kuiyanika padzuwa ngati mbale ya alendo. Linali tsiku lotsatira maliro anu, akuti amakonza m'nyumba. Nsenga zija zapansi zowiritsira mowa, zimene munkati n'zazikulu kuposa ine ndipo zimadya kaye ana asanadye, zonse zinathera kudzala. Ndinamulalatira pamaso pa anamfedwa. Ndinamufunsa ngati kwawo ku Mkhumba amatsukanso nkhokwe akaona muli chimanga. Kuchokera pamenepo timangopatsana moni wa pamsewu.

Nandolo wachita bwino, kupatula wa kumunsi kumene madzi anakokolola. Mbuzi yamawanga inaswa awiri, mmodzi anafa. Esinati yemweyo anachira mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kulira ndi kwa amake. Ming'oma ndinafula ndekha, njuchi zinandiluma chikope ndinayenda sabata yonse ngati ndamenyedwa kubawo, koma uchi unatuluka wambiri, wakuda uja wa m'mphepete mwa phiri.

Ndiye itakwana nthawi yoika chiliza pamanda panu, amalume anati anthu sangabwere kudzakukumbukirani n'kumwa thobwa lokha, mowa wa uchi ukhalepo. Onse anayang'ana ine. Ndinavomera msanga, mwina msanga kwambiri. Uchi ndinali nawo, madzi ndinali nawo, mbiya ndinali nayo yoyera ngati ya kuchipatala. Chowiritsa ndiye panalibe.

Ndinaganiza za chimera, koma ndinakumbukira mukunena kuti chimera chimaba fungo la uchi, mowa umangosanduka masese onyada. Ndinaganiza zongousiya uchiwo udziyambire wokha, koma munkati umenewo ndi mwayi, lero ukoma, mawa usasa, ndipo tsiku linali litayandikira. Fanuwelo anandinong'oneza kuti nthawi ya chinkhoswe chake munawapatsako apongozi ake nsenga m'kabotolo, ndipo mpaka pano amafulula nazo. Ndinamuyankha kuti bola ndimwetse anthu madzi a m'chithaphwi kusiyana n'kukagwada kwawo kwa munthu amene anandiphera zanga.

Ndinapita ku Migowi. Musitolo ya a Jafali ndinagula yisiti ya m'kapaketi. Anandifunsa ngati ndayamba geni ya mandasi, ine n'kuvomera, poti munthu wachisilamu sungamuuze kuti katundu wake ukukafululira mowa. Ndinadziuza kuti yisiti ndi yisiti, kusukulu tinaphunzira, kaya ya buledi kaya ya mbiya ntchito yake ndi imodzi. Ndipo inawiradi, Amayi, inawira mwaukali moti thovu linakankha lichero n'kutsikira pansi. Ndinasangalala. Fungo ndinalimva kuti silanu, koma ndinati likhazikika.

Silinakhazikike. Akatekisiti atamaliza mapemphero n'kunyamuka, tinatulutsa mbiya pansi pa mango. Amalume ndi amene anayamba, monga mwa nthawi zonse. Anamwa, anagwira pakamwa, anayang'ana m'chikho nthawi yaitali. Kenako anandiitana ndi dzina langa, anthu onse akumva, n'kunena kuti: “Lusiya, tatipatsa tiyi timwere mandasi akowa.”

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Azimayi a ku Nazombe amene ankayenda mtunda wonse uja chifukwa cha mowa wanu analawa pang'ono, mwaulemu, n'kumathira kuseri kwa mtengo poganiza kuti sindikuona. Wina anati mowa uja wapita ndi mwini wake. Mawu amenewo ndi amene anandipweteka, osati a amalume. Patsiku lanu, Amayi, pafupi ndi dzina lanu lolembedwa pasimenti yosauma bwino. Ndipo Esinati anaseka. Anabisa nkhope kumsana kwa mwana, koma mapewa ankagwedezeka. Ndinamuona. Munthu woti akanapanda sopo wake zonsezi sizikanachitika.

Ndinakhala osatuluka, ngakhale kumjigo ndinkapita anthu atabalalika. Ndiye m'mawa wina ndikutsegula chitseko ndinapeza kabotolo pakhonde, kokulunga m'chitenje. Chitenjecho ndimachidziwa, n'chachikasu chija Esinati amaberekera mwana. Nditatsegula ndinakhala pansi pomwepo. Munali inuyo m'kabotolomo, nsenga zanu zija. Fanuwelo akuti mkazi wake anapita wapansi ku Mkhumba, mwana kumsana, ndipo sanafune kuti ndidziwe kuti ndi iye. Ndiye akanasinthatu chitenje.

Ndinathira nsengazo m'mbiya ndi uchi wotsala. Sizikuthamanga ngati za a Jafali. Zikuwira pang'onopang'ono, kaphokoso kake ngati munthu akunong'ona m'chipinda china, ndipo nyumba yayambanso kununkhira ngati kale. Amalume sindinawaitane. Adikire.

Mufunsa ngati ndinapita kukathokoza. Sindinapite. Ndikudziwa chimene mukanandiuza, munkati pakamwa panga pamafika ine ndisananyamuke, ndipo manyazi ake ndikuwamva ngakhale pano ndikulemba. Koma kuseka kuja sikunandichoke m'maso. Chitenje chake ndinachichapa, ndi sopo wambiri poti amamukonda, n'kuchipinda bwinobwino. M'kati mwake ndinaikamo botolo la uchi la mwana akadzakula pang'ono. Ndinapatsira Fanuwelo. Mawu sindinatumize.

Nkhani ya Esinati ndathera pano, sindidzaitchulanso, kwa inu kapena kwa wina aliyense. Mowa ukapsa chikho choyamba ndidzabwera nacho kwa inu. Mbiya ija sidzaonanso sopo ine ndili moyo, ndipo mdzukulu wanu akadzafika msinkhu wosenza ndowa ndidzamuonetsa kadyetsedwe kake, ngakhale zitatanthauza kuti amake adzakhale pakhonde langa n'kumaonerera.

Ndimakukondani, Amayi. Gonani bwino.

Ndine mwana wanu wa pakamwa uja,
Lusiya