Chaka cha Masiku 360

Lachitatu, 9 Okutobala, Area 25.

Kwatentha tsiku lonse. Magetsi azima kawiri, madzi abwera 4 koloko.

Mpongozi wanga, make Yami, waweruka kuntchito maso ali ofiira. Akadali pa miyezi yoyesedwa, ndipo mawa akaonetsa mabwana ake pulogalamu ya pakompyuta yowerengera mtengo wa zikalata zimene boma limagulitsa pobwereka ndalama. Mitengo yake ikusiyana pang'ono ndi ya muofesi, ndipo lero ndi tsiku lachitatu akufufuza osapeza chifukwa.

Ndinati, "Tandipatsani chikalata chimodzi, cha masiku 91."

Anaseka. "Amayi, awatu si masamu a Fomu 2."

Fomu 2 ndinaiphunzitsa zaka 31, choncho sindinakwiye. Ndinatenga pensulo n'kuwerengera kawiri. Yankho langa linafanana ndi la muofesi, osati la kompyuta.

"Kodi makina anuwa, chaka chawo chili ndi masiku angati?"

Anayang'ana, nagwira pakamwa. Pulogalamuyo inachokera kunja, ndipo imawerenga masiku 360. Kuofesi kwawo amawerenga 365.

"Amayi inu! Mawa mupiteko ndinu."

"Ine nsapato za muofesi ndinagawa kalekale."

Wakonza, ndipo mitengo yonse 12 yagwirizana. Kenako wandipangira tiyi n'kuthira masupuni atatu a shuga, pomwe akudziwa kuti ndimathira awiri. Ndamwa osadandaula.

Mawa alowa kwa mabwanawo 9 koloko. Bulauzi yake yobiriwira ndaisita kale, koma batani lachitatu likugwedera, ndipo singano yanga sindikuiona...